Magolovesi a pantchito: ena amateteza dzanja, ena amalipereka ku ngozi

Mukadutsa pamalo pamene akumanga nyumba, kaya ndi ku Area 49 ku Lilongwe, ku Machinjiri ku Blantyre kapena ku Chipata, imani pang'ono muyang'ane manja a anyamata osakaniza simenti. Ena amagwira fosholo osavala kanthu, ndipo mukawafunsa amangoseka n'kunena kuti, "Manja awa adazolowera, achimwene." Ena amakhala atavala magolovesi ansalu oyera aja, okhala ndi timadontho tamphira m'chikhatho, atanyoweratu ndi madzi a simenti kuyambira m'mawa. Wongodutsa angaganize kuti wovalayo ndiye wadzisamala. Koma pa awiriwa, amene angafike kunyumba madzulo khungu litapsa kwambiri ndi wa magolovesi onyowa uja. Mnzakeyo simenti ikamumata amaiona ndipo amasamba. Iyeyu waikulunga pakhungu lake ndi nsalu, ndipo ikhala pomwepo mpaka nthawi yoweruka.

Ambiri timatenga magolovesi ngati chinthu chimodzi, choti bola wavala basi. Chikhalirecho alipo a mitundu yambiri, mtundu uliwonse udapangidwira ngozi yakeyake, ndipo ukauvala pa ntchito yosayenera umatha kukuvulaza kuposa kukhala manja osavala.

Tiyambe ndi simentiyo, popeza ndiyo imadya manja a anthu ambiri kwathu kuno. Simenti youma ikakumana ndi madzi imatulutsa laimu wosungunuka waukali kwambiri. Akatswiri amayeza ukali wotere pa sikelo yotchedwa pH, yoyambira pa 0 kulekeza pa 14. Madzi akumwa ali pa 7, khungu la munthu lili cha pa 5, pomwe simenti yonyowa imafika pa 12 kapena 13. Musanyengedwe ndi kuchepa kwa manambalawa, chifukwa nambala iliyonse ikakwera kamodzi, ukali umachuluka kakhumi. Amayi amene amaphika therere ndi chidulo amadziwa mmene madzi a phulusa amafewetsera masamba mofulumira. Simenti ndi ya mtundu womwewo, koma yaukali kuposa pamenepo, ndipo chimene ikufewetsa ndi khungu lanu. Kuterera kumene mumamva pa zala mukagwira matope a simenti ndi mafuta a pakhungu akusungunuka.

Choipa chake n'chakuti siiwotcha ngati moto. Moto ukaugwira umathawitsa dzanja nthawi yomweyo. Simenti imadya mwakachetechete, munthu osamva kanthu kwa maola angapo, kenako usiku khungu limafiira, matuza amatuluka, ndipo pena bala limalowa mpaka m'mnofu. Akuluakulu adati chakudza sichiimba ng'oma, ndipo pa simenti mawuwa ndi oona ndithu.

Pali vuto lina lachiwiri limene limabwera pang'onopang'ono. M'simenti mumapezeka kachitsulo kotchedwa chromium, ndipo mtundu wake umene umasungunuka m'madzi umalowa m'khungu, makamaka likakhala long'ambika kale. Thupi la anthu ena limafika poukana, ndiye ziwengo zimayamba: kuyabwa, ming'alu pa zala, khungu kusupuka. Thupi likafika pamenepo nthawi zambiri silibwereranso mwakale, moti ngakhale kasimenti kochepa kamadzutsa matendawo. Alipo amisiri aluso amene adasiya kumanga chifukwa cha zimenezi, osati chifukwa cha ukalamba. Maiko a European Union adaika lamulo kuyambira mu 2005 kuti chromium wosungunukayo asapitirire magawo 2 pa miliyoni m'simenti, ndipo opanga amathiramo mankhwala a ferrous sulphate kuti amuchepetse. Koma mphamvu ya mankhwalawo imatha thumba likakhalitsa, komanso sachotsa ukali wa laimu uja. Simenti iliyonse yonyowa imawotcha, kaya idapangidwa ku Kasungu, ku Blantyre, ku Ndola kapena ku Ulaya.

Tsono magolovesi a pasimenti ayenera kukhala osalowa madzi paliponse, a mphira wokhuthala wotchedwa nitrile kapena a pulasitiki yotchedwa PVC, okutidwa dzanja lonse mpaka kuseri, komanso aatali kufika pamkono. Ansalu ndi achikopa amamwa madziwo n'kuwasunga. Ngakhalenso aja opakidwa mphira m'chikhatho mokha, kuseri kuli nsalu yoluka, sayenera pa ntchito yothira konkire, chifukwa madzi amalowera kuseriko. Mkono wa ovolosi uzikhala pamwamba pa golovesi kapena muumange ndi tepi kuti matope asagwere m'kati. Musanavule, tsukani kunja kwake ndi madzi oyera. Ndipo ngati simenti yalowa m'kati, vulani pomwepo, sambani, musinthe. Golovesi losalowa madzi likalowa simenti limasanduka kathumba kosungira ukaliwo pakhungu.

Chinthu chimene ndimalakalaka wantchito aliyense atadziwa ndi kuwerenga zolembedwa kuseri kwa golovesi. Tengani limodzi m'sitolo ya zipangizo ku Limbe, ku Johannesburg kapena ku Leeds. Ngati ndi lenileni, mupeza kachithunzi ka chishango chokhala ndi hamala pakati, pamwamba pake palembedwa EN 388, pansi pake pali manambala ndi zilembo monga 4131X kapena 4X43C. EN 388 ndi muyezo wa ku Ulaya woyesera magolovesi pa ngozi za kukhulika, kudulika, kung'ambika ndi kubooka. Udakonzedwanso mu 2016, ndipo popeza mafakitale ambiri a ku Asia amagulitsa katundu wawo ku Ulaya, chizindikirochi chimafika mpaka m'misika yathu.

Nambala yoyamba imanena za kupirira kukhulika, ndipo imayambira pa 1 kufika pa 4. Amatenga kachidutswa ka m'chikhatho n'kukakhula ndi sandipepa pa makina mpaka kabooke. Kakapirira maulendo 100 kapeza 1, maulendo 500 ndi 2, maulendo 2,000 ndi 3, ndipo maulendo 8,000 ndi 4. Taonani kusiyana kwake: la nambala 4 limapirira kuwirikiza ka 80 poyerekeza ndi la nambala 1. Wonyamula njerwa ndi mabuloko tsiku lonse, nambala yofunika kwa iye ndi imeneyi.

Yachiwiri ndi ya kudulika, kuyambira 1 mpaka 5, ndipo imayezedwa ndi kampeni kozungulira kamene kamayenda uku ndi uku pa nsalu mpaka kaidule. Yachitatu ndi ya kung'ambika, yachinayi ndi ya kubooka, zonsezi kuyambira 1 mpaka 4. Pa kubooka amagwiritsa ntchito kachitsulo konenepa ngati msomali, kosasongoka kwenikweni. Mphamvu yake imayezedwa mu manyutoni, ndipo manyutoni 10 ndi pafupifupi kulemera kwa kilogalamu imodzi. Nambala 1 ndi manyutoni 20, nambala 4 ndi manyutoni 150. Izi sizikutanthauza kuti singano, minga kapena nsonga ya waya wopyapyala sizingalowe. Zimalowa bwinobwino, chifukwa zimadutsa pakati pa ulusi.

Nanga chilembo cha kumapeto chija chidabwera bwanji? Opanga atayamba kulukira ulusi wa galasi ndi wa chitsulo m'magolovesi, zidaoneka kuti kampeni kozungulira kaja kamabuntha kuyesa kusanathe, ndiye golovesi limapeza nambala yapamwamba chifukwa choti mpeni wafooka. N'chifukwa chake mu 2016 adawonjezera njira ina, yotchedwa ISO 13997. Apa amatenga lumo lowongoka, latsopano pa kudula kulikonse, n'kuona mphamvu imene ikufunika kuti lidule nsaluyo litayenda mamilimita 20. Zotsatira zake zimalembedwa ndi zilembo: A ndi manyutoni 2, B ndi 5, C ndi 10, D ndi 15, E ndi 22, F ndi 30. Mukaona X pamalo ena alionse, ndiye kuti mbali imeneyo sanaiyese kapena kuyesako sikukugwirizana ndi golovesilo. Choncho 4X43C akutanthauza kuti ndi lolimba kwambiri pa kukhulika ndi kung'ambika, ndi labwino pa kubooka, ndipo pa kudulika lili pakatikati. Pomwe 4131X ndi lolimba pa kukhulika koma mpeni suchedwa kulidutsa. Pena kumapeto kwenikweni kumakhala P, kusonyeza kuti lili ndi mphira woteteza mfundo za zala ku kumenyedwa. Magolovesi opita ku America amalembedwa mwina, kuyambira A1 mpaka A9, ndipo A4 wa kumeneko asasokonezedwe ndi A wa ku Ulaya, amene ndi wotsikitsitsa.

Onyamula makatoni angakwanitse ndi A kapena B. Okhoma malata, omanga zitsulo za m'konkire ndi waya, ndi odula malamba achitsulo omangira katundu, ine sindingawalangize zochepera C. A magalasi ndi odula malata tsiku lonse ayambire pa D kupita m'mwamba. Kumbukiraninso kuti zidutswa zoyesedwazo amazidula m'chikhatho. Kuseri kwa dzanja kungakhale kofooka kuposa zimene nambala ikunena.

Vuto n'lakuti kudinda chishango ndi manambala pa nsalu n'kosavuta, ndipo abodza alipo ambiri. Enieni amakhala ndi dzina la wopanga, dzina kapena nambala ya mtundu wake, saizi, ndi chizindikiro cha CE, ndipo paketi yake imabwera ndi kapepala kofotokoza zimene adayesa. Mukaona golovesi lopyapyala la thonje, lopanda dzina la wopanga, koma lalembedwa manambala apamwamba okhaokha, kayikirani.

Ulusi umene umapangitsa golovesi kukana mpeni uli ndi mbiri yake. Mu 1965, katswiri wina wamkazi wa kampani ya DuPont ku America, Stephanie Kwolek, adatulukira ulusi umene pambuyo pake udatchedwa Kevlar, wachikasu uja umene amapangiranso zovala zotchinga zipolopolo. Ubwino wake ndi wakuti umapirira kutentha, susungunuka. Koma dzuwa limaufooketsa, ndipo mankhwala oyeretsera zovala a chlorine amauwononga, choncho osauchapa ndi amenewo. Ulusi wina ndi wa pulasitiki yolimba kwambiri, wolembedwa HPPE, umene dzina lake lodziwika ndi Dyneema, lochokera ku Netherlands. Umenewu ndi wopepuka, wozizirira m'manja, ndipo ndi umene uli m'magolovesi otuwa ambiri a masiku ano. Chofooka chake ndi moto: umasungunuka kutentha kukafika cha pa madigiri 150. Munthu wovala otere akagwira chitsulo chimene changodulidwa kumene ndi gulayinda, pulasitikiyo ingasungunukire pakhungu.

Ndipo tisanamizane, golovesi losadulika kulibe. Amene alipo amachedwetsa mpeni, amasandutsa bala loti likadasokedwa kuchipatala kukhala kachilonda kochepa. Lata likatsetsereka m'manja, adzakupulumutsani. Koma sowo yamagetsi kapena gulayinda siziona kusiyana pakati pa A ndi F.

M'nyumba zosungiramo katundu, monga za ku Kanengo, za ku Durban, kapena zikuluzikulu za ku Britain kumene abale athu ambiri amagwira mashifiti ausiku, ngozi zake ndi zina. Kumeneko dzanja limadulidwa ndi mpeni wotsegulira makatoni, limalasidwa ndi zisanga ndi misomali ya mapaleti, limapanikizika pakati pa katundu, ndipo makatoni ouma amayamwa chinyezi cha khungu mpaka zala kuchita ming'alu. Komanso wantchito ayenera kugwira kamakina kowerengera katundu, kumata tepi ndi kulemba, choncho golovesi lokhuthala amangolivula n'kuliika m'thumba. Golovesi limene lili m'thumba silinatetezepo munthu. N'chifukwa chake kumeneko amakonda oluka opyapyala opakidwa m'chikhatho. Kupyapyala kwake kumalembedwa ndi nambala ya geji: 7 ndi wokhuthala ngati juzi, 13 ndi wapakati, 15 ndi 18 ndi opyapyala moti mungatole kandalama kachitsulo pansi.

Chopakidwacho nachonso chimasiyana. Polyurethane, wolembedwa PU, ndi wopyapyala, wabwino pa katundu wouma ndi ntchito za zala. Latex, amene ndi mphira wachilengedwe wochokera ku utomoni wa mtengo monga ulimidwa ku Vizara ku Nkhata Bay, amagwira mwamphamvu pa njerwa ndi matabwa ngakhale zitanyowa, koma oyilo ndi dizilo zimamufewetsa n'kumuwononga, ndipo anthu ena amatuluka naye ziwengo. Nitrile ndiye amalimbana ndi mafuta, choncho amakaniko ndi ogwira zitsulo za girisi asankhe ameneyo. Ogwira m'zipinda zozizira, mmene nyama ndi nsomba zimasungidwa pa madigiri 18 pansi pa ziro kapena kuzizira kuposa apo, ayang'ane chizindikiro cha EN 511. Dzanja lozizidwa limachita dzanzi, limagwetsa katundu, ndipo likadulika mwini wake samva msanga. A mankhwala, monga asidi wa mabatire, tinala ndi mankhwala a mbewu, chizindikiro chawo ndi EN ISO 374, ndipo palibe golovesi limodzi lokana mankhwala onse. Ena amadutsa m'mphira popanda kuboola, golovesi n'kumaoneka labwinobwino kunja.

Tsopano pali malo amene lamulo lake ndi lakuti musavale konse, ndipo apa ndikupempha mumvetsetse. Makina alionse ozungulira amene dzanja limayandikira, monga makina oboolera zitsulo oima pansi, makina osemera zitsulo, sowo ya patebulo, malamba ndi mapule a chigayo, marola a lamba woyendetsa katundu, kapena chosakanizira konkire chikuzungulira, amakoka nsalu. Chala chosavala chikakhudza chitsulo chozungulira chimachekeka, munthu n'kuthawitsa dzanja. Golovesi likakodwa silikusiyani, limakulungika n'kukokera chala, dzanja, pena mkono wonse m'makinamo, mwachangu choti simungafikire pozimitsira. Chomvetsa chisoni n'chakuti golovesi likakhala lolimba, la nambala 4 pa kung'ambika, ndiye limakoka bwino, chifukwa silidzang'ambika kuti likumasuleni. Kulimba komwe kumakutetezani kwa lata ndiko kumakuperekani kwa makina. Mphete, wotchi ndi mikono ya malaya yolendewera zimachita chimodzimodzi. Mphete ikakodwa pa msomali munthu akudumpha pa lole imatha kusenda chala chonse.

Dzanja lili ndi mafupa 27, ndipo minyewa yoyendetsa zala ndi mitsempha yomvera zili pafupi kwambiri ndi khungu. Bala looneka laling'ono m'chikhatho kapena pamfundo ya dzanja likhoza kudula mnyewa, chala n'kuuma osapindikanso. Madokotala odziwa kulumikiza zimenezi ndi ochepa m'maiko athu, ndipo amapezeka m'zipatala zazikulu zokha. Kwa munthu amene amadya za manja ake, chala chachikulu chikafa ndiye kuti hamala, mpeni womangira ndi pulayala zamuthawa.

Za magetsi ndinene mwachidule koma mosabisa. Magolovesi amphira a pasimenti kapena otsukira mbale si a magetsi. A magetsi enieni amayesedwa ndi muyezo wa IEC 60903 ndipo ali m'magulu: gulu 00 limafika mavoti 500, gulu 0 mavoti 1,000, gulu 2 mavoti 17,000, gulu 4 mavoti 36,000. Mawaya a m'nyumba zathu amanyamula mavoti 230, pomwe a pamapolo akuluakulu a ESCOM amanyamula 11,000 kapena 33,000. Magolovesi amenewa amawauzira mpweya asanavale kuti aone ngati pali kabowo, amavala achikopa pamwamba pake kuti asalasidwe, ndipo amakayezetsa pakapita miyezi 6. Kabowo konga ka singano n'kokwanira kupha munthu. Owotcherera zitsulo awo ndi achikopa chokhuthala, aatali, olembedwa EN 12477, ndipo azikhala ouma, chifukwa chikopa chonyowa ndi thukuta chimadutsitsa magetsi ndi kutentha komwe.

Aliponso ogulitsidwa ndi lonjezo loti amachepetsa kunjenjemera kwa makina oswera konkire ndi magulayinda. Kunjenjemera kumeneku kukapitirira zaka kumawononga mitsempha, zala zimachita dzanzi ndi kuyera kukazizira, ndipo sizichira. Bungwe loona za chitetezo cha pantchito ku Britain, la HSE, limachenjeza kuti magolovesi otere asadaliridwe, chifukwa sachepetsa kwenikweni kunjenjemera kofika ku zala. Chothandiza ndi kuchepetsa maola ogwira makinawo, kusinthana ndi anzanu, kukonza makina okutha, ndi kusunga manja ofunda.

Mfundo imeneyi ndi yoona pa ntchito zonse. Golovesi ndi mpanda womaliza, ngozi ikadutsa mipanda ina yonse. Gulayinda imene adaichotsa chotchingira chake siikonzedwa ndi golovesi. Mpeni wa makatoni umene lumo lake limabwerera lokha m'kati umapulumutsa zala zambiri kuposa golovesi lodula. Misomali ya m'matabwa ophwasulidwa iyenera kuzulidwa kapena kupindidwa tsiku lomwelo. Bwana amene wagawa magolovesi n'kusiya zina zonsezi sanamalize udindo wake.

Saizi ndi nkhani imene ogula zinthu m'makampani amainyalanyaza. Amagula katoni yonse ya saizi 10, n'kupatsa aliyense, kuphatikizapo amayi amene masiku ano achuluka pa ntchito zomanga ndi zonyamula katundu. Golovesi lalikulu limasiya nsonga zolendewera zimene zimakodwa, ndipo munthu amafinya mwamphamvu kuti katundu asapulumuke, dzanja n'kutopa msanga. Laling'ono limathina, limang'ambika pakati pa zala. Kudziyeza n'kosavuta: zungulizani tepi pachikhatho, m'munsi mwa mfundo za zala, osaphatikiza chala chachikulu. Mamilimita pafupifupi 178 ndi saizi 7, 203 ndi saizi 8, 229 ndi saizi 9, ndipo 254 ndi saizi 10. Anthu ambiri amene amati magolovesi amachedwetsa ntchito sanavalepo a saizi yawo.

Nanga wogula ndani? Ku Malawi, lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limati pamene ntchito ikuika munthu pa chinyezi chambiri kapena pa zinthu zovulaza, wolemba ntchito apereke zovala zodzitetezera, magolovesi ali momwemo, popanda wantchito kulipira. Ku South Africa, lamulo la Occupational Health and Safety Act la 1993 limaletsa bwana kudula malipiro a wantchito chifukwa cha zipangizo zotere. Ku Britain malamulo a 1992 amanena zomwezo, ndipo kuyambira mu April 2022 adawakulitsa kuti akhudzenso ogwira ntchito zamaganyu amene alibe kontirakiti yokhazikika. Pangano nambala 155 la bungwe loona za ntchito padziko lonse, la ILO, la mu 1981, limene dziko la Malawi lidavomereza mu 2019, limanenetsa kuti chitetezo cha pantchito chisadyere wantchito ndalama.

Papepala zili bwino. Koma nyumba zambiri kwathu zimamangidwa ndi mmisiri amene wagwirizana pakamwa ndi mwini nyumba, iye n'kutenga anyamata awiri atatu a ganyu olipidwa patsiku. Pamenepo oyendera malo a ntchito safikapo, ndipo mnyamata akafunsa magolovesi amauzidwa kuti, "Ngati sukufuna ntchito, ena ali pa geti." Ngakhale m'makampani ena zinthu sizikhala bwino. Pamalo ena pamene ndidagwirapo ntchito, magolovesi atsopano ankatuluka m'stolo tsiku lobwera alendo, alendowo akangochoka kapitawo ankawatoleranso. Zimandipwetekabe mtima ndikakumbuka, chifukwa anthu amene ankawabweza aja ndi omwe madzulo ankalephera kugwira nsima yotentha ndi zala zosupuka. Inu amene mukumangitsa nyumba, kaya muli konkuno kapena mukutumiza ndalama kuchokera kunja, mukamalemba matumba a simenti, mchenga ndi malata, lembaninso mapeya angapo a magolovesi a PVC aatali. Pa ndalama zonse za nyumbayo, mtengo wake sudzaoneka n'komwe.

Golovesi limatha, ndipo lotha liyenera kutayidwa. Mphira wa m'chikhatho ukaperepeseka mpaka ulusi kuonekera, manambala aja sakugwiranso ntchito. Losalowa madzi liyeseni polikulunga kuchokera kukamwa kwake kuti mpweya udzaze ku zala; likaphwa, labooka. La mankhwala likauma gwa, likatupa kapena likasintha mtundu, latha. Oluka achapeni ndi sopo wamba n'kuwayanika pamthunzi, ndipo ngati n'kotheka mukhale ndi mapeya awiri osinthanitsa, chifukwa dzanja lokhala m'thukuta tsiku lonse limafewa n'kuyamba zilonda ndi mafangasi. Kubwerekana nakonso kumapatsirana matenda a pakhungu.

Simenti ikakhudza khungu, chotsani golovesi, mphete ndi chovala chilichonse chonyowa, ndipo tsukani ndi madzi oyera ambiri, othira osati oviika, kwa mphindi 20. Madzi a mu mgolo wotsukira mafosholo ndi mawilibala si madzi osamba, ali kale ndi ukali wa simenti, choncho pamalo omanga pazikhala chigubu china cha madzi oyera ndi sopo. Musapake mafuta odzola pakhungu limene silinatsukidwe bwino, chifukwa amatsekera simentiyo m'kati. Musasambe ndi petulo, parafini kapena tinala pochotsa penti ndi girisi. Zimachotsa mafuta oteteza khungu n'kutsegulira njira chromium uja. Khungu likafiira kwambiri, likatuluka matuza kapena likada, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ndipo mukanene kuti ndi simenti, popeza bala lake limapitiriza kulowa ngakhale mutasamba. Mukalasidwa ndi msomali kapena waya, funsani za katemera wa kafumbata. Chala chikaduka, finyani bala ndi nsalu yoyera, kwezani dzanja m'mwamba, chidutswacho muchikulunge m'kansalu koyera konyowa pang'ono, muchiike m'jumbo yomanga bwino, jumboyo muiike m'madzi a ayezi, osati chala kukhudzana ndi ayeziyo, ndipo thamangirani kuchipatala chachikulu. Mukatero, onetsetsani kuti ngoziyo yalembedwa kwa abwana ndi ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, ndipo sungani mapepala onse a kuchipatala, chifukwa chipukuta misozi cha pansi pa lamulo la ku Malawi la Workers' Compensation Act la 2000 chimayendera mapepala amenewo.